Gologolo, Nasibeko ndi Mzere wa Petulo

Padangokhala, kale ndithu koma osati kale la makolo, nthawi imene nyama zinatopa ndi kuyenda wapansi n'kuyamba kulimbirana chiwongolero. Masiku amenewo kunali Gologolo, makaniko wa sipanala zochepa koma pakamwa pochuluka. Mkazi analibe, mwana analibe. Anali ndi kagalimoto kofiira kamene anakatola katafa n'kukadzutsa yekha, bawuti ndi bawuti, ndipo anakatcha Nasibeko. Chitseko chimodzi ankachimanga ndi mphira, galasi lakumbuyo linali pulasitiki. Koma injini yake, abale inu, ikalira ngakhale wodwala malungo ankadzuka kukasuzumira pawindo. Gologolo ankamukonda Nasibeko ndi mtima wonse, ndipo sankachita manyazi kunena zimenezi pagulu.

Loweruka lililonse nyama zokonda galimoto zinkasonkhana pabwalo la mpira kuseri kwa msika. Zinkatsegula maboneti, kupukuta ndi tinsanza, kulozerana mapaipi ndi kukangana mpaka thovu kukamwa. Panali Fisi ndi pikapu yake imene ankalumbira kuti palibe galimoto inayipitirirapo chibadwire. Panalinso a Fulu ndi akazi awo, nkhalamba zoyenda pang'onopang'ono m'galimoto yonyezimira kuposa zonse. Zikakhuta mikangano zinkayamba nyimbo yawo. Gologolo ankatsogolera, kutchula chiwalo chimodzi cha galimoto ngati akutamanda namwali, enawo n'kumavomera mong'ung'udza kukhosi, poyamba pansipansi ngati injini yozizira, kenako kukwera, kukwera, mpaka onse n'kumalizira pa hutala.

Tisabise Chichewa: ankasokosa. Ndipo Fisi anali ndi chizolowezi chozungulitsa pikapu pamalo amodzi mpaka fumbi kuti kobo. Tsiku lina fumbilo linakatera pa ufa umene Mayi Njati anayanika pamphasa. Mwamuna wawo anali Insipekitala Njati, mkulu wa apolisi apamsewu. Mkuluyo analuma mchenga pa chakudya, dzino n'kulira, ndipo pamene kunkacha lamulo linali litabadwa kale.

Amene anabwera nalo pabwalo anali Sajeni Kakowa, wamiyendo yaitali, yunifolomu yoyera mbee, wezulo pakhosi.

"Tamverani nonse! Kuyambira lero galimoto zisaimenso pamodzi mwachisangalalo. Yopezeka ikukondwa pagulu ikalowa kumpanda wa kupolisi."

Mpanda umenewo aliyense ankaudziwa. Galimoto ikalowako situlukanso. Udzu umamera m'mipando, nkhuku za apolisi n'kumaikiramo mazira.

Gologolo anasamba m'manja, n'kupita ku ofesi ya Njati.

"Bwana, nanga ufulu wathu wosonkhana uja wapita kuti?"

"Sonkhanani," anatero Njati, lilime lili pa dzino lija. "Ndakuletsani ine? Galimoto zokha zitsale kunyumba."

"Ndiye tizikatsegula chiyani, bwana, mimba zathu?"

"Ufulu ndi wa nyama, iwe, si wa matayala. Unaonapo tayala likuvota?"

"Koma msewu ndi wa tonse, bwana."

"Ndi wa tonse amene akupita kwinakwake. Wa ukwati apite ku ukwati, wa maliro apite ku maliro, sindimugwira. Koma inu simupita kulikonse, mumangozungulira ngati ntchentche m'botolo. Ndipo mutu wa zonsezi ndiwe. Diso langa lili pa kofiira kako kaja."

Gologolo anathokoza mwaulemu, anawerama pang'ono, n'kutuluka. Mawu onse a mkuluyo anawasiya pakhomo pomwepo, kupatula awiri amene anawaika m'thumba.

Loweruka litafika, Sajeni Kakowa anaona mdipiti wa galimoto ukubwera, maliboni petupetu, mahutala ali pakamwa. Patsogolo panali Nasibeko, ndipo pampando wakumbuyo panali a Fulu m'jekete yobwereka, pambali pawo akazi awo atafunda velo la neti ya udzudzu.

"Imani! Mukupita kuti?"

"Ku ukwati, a Sajeni," anayankha Gologolo.

Kakowa analowetsa khosi lake lonse pawindo. "A Fulu? Si awa anakwatirana msewu uno usanalambulidwe?"

"Umenewo unali wa kwa ankhoswe. Lero akukadalitsa."

Ukwati suimitsidwa, ndiye Kakowa anangomenya sawasha n'kupatuka. Mdipiti unakafika pa raundabauti, pamene akwati onse amajambulitsa zithunzi, n'kuzungulira mpaka a Fulu chizungulire. Kenako galimoto zinaima, maboneti n'kutseguka, ati kuti nazo zioneke bwino pa chithunzi. Nyimbo ija anayiimba mwa chiukwati, mothamanga, nthungululu zili m'mwamba, Mayi Fulu akutyola chiuno chimene sanachityole zaka zambiri.

Zinakoma. Ndiye Loweruka lotsatira anadalitsanso, linalo anadalitsanso. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. A Fulu anatopa nazo, ati nsapato zinkawaluma, ndipo tsiku lina anakana kutuluka m'nyumba. Mayi Fulu anakanitsitsa kuvula velo. Gologolo anangogwira Nyani amene ankadutsa, n'kumuveka jekete ija.

Tsiku limenelo pamsewu panaima Njati mwiniwake.

"Mayi, mwakwatiwa kangati mwezi uno?"

"Mwanawe, ine sindiwerenga," anatero Mayi Fulu. "Ine ndimangovina."

Njati anayang'ana mkwati, mkwati n'kuyang'ana kumbali akukanda m'khwapa.

"Sabata yatha mkwatiyu anali ndi chigoba. Chapita kuti?"

"Ukwati umasintha munthu, bwana," anatero Gologolo.

"Sajeni, masula hutala."

Kakowa anamasula hutala wa Nasibeko ndi sipanala ya Gologolo yemweyo. "Ili ndi chenjezo chabe," anatero Njati. Gologolo anabwerera kunyumba mutu uli pawindo, akukuwa yekha ndi pakamwa kuti a njinga apatuke. Ana ankamuseka, ndipo zinamupweteka kwambiri.

Koma m'thumba munali mutatsala liwu lina lija. Loweruka lotsatira pamsewu wopita ku bwalo panagonekedwa masamba aawisi, chizindikiro cha zovuta. Galimoto zinkabwera pang'onopang'ono, nyali zili zoyaka masanasana. Pa pikapu ya Fisi panali bokosi, ndipo m'bokosimo munali Fisi mwiniwake, thonje lili m'mphuno, manja ali pamimba. Ndi malodza, inde, ndipo ine sindikuuzani kuti mukayesere. Koma Fisi anavomera msanga atamva kuti tsiku lonse anthu azingomutamanda.

Kakowa ataona masamba anavula chipewa. Maliro sawafunsa laisensi. Galimoto zinaima pabwalo mwadongosolo, maboneti n'kutseguka imodziimodzi, ati kuti injini nazo zitsanzikane ndi malemu. Nyimbo ija anayikoka ngati ya kumanda, Gologolo akutchula ziwalo za pikapu ndi mawu onjenjemera, enawo akung'ung'udza pansipansi osakwera. Amayi ena amene ankangodutsa anakhala pansi n'kulira misozi yeniyeni.

Chimene Gologolo anaiwala n'chakuti maliro saitanira. Njati anamva, anavala jekete yakuda, n'kubwera kudzapepesa. Ndipo munthu wamkulu akafika pa maliro sangachoke osapatsidwa mpata wolankhula.

"Anamfedwa, pepani," anayamba Njati. "Malemuyu ine ndi iye sitinkamwerana madzi, koma woweruza ndi Mulungu. Anali wokonda anzake. Anali wokonda pikapu yake. Ngakhale kuti, tinene zoona pamaso pa imfa, pikapuyo inali phokoso chabe."

Bokosi linagwedera. Gologolo analumpha n'kukhala pa chivundikiro, akusisima mokweza.

"Ine ndinayipitirirapo pa chitunda," anapitiriza Njati, "ndili pa galimoto ya boma, nditanyamula matumba a chimanga, mayi a kunyumba ali momwemo."

"Bodza!"

Chivundikiro chinauluka, Gologolo n'kuuluka nacho. Fisi anakhala tsonga, thonje lili kutsogolo. "Bodza lenileni! Tsiku limenelo tayala langa linali lophwa! Tiyeni pompano tikayese!"

Nyama zinabalalika ngati zaponyeredwa mwala. Kakowa anapezeka ali pa denga la msika. Njati nayenso anathamanga, ndinamuona ndi maso angawa, koma anabwerera akuyenda pang'onopang'ono ngati amene anangopita kukaona kanthu kuseri.

"Sajeni, tsika. Chotsa batire."

Kakowa ananyamula batire la Nasibeko, miyendo ikupindika.

"Tsopano tamvera, iwe wamchira," anatero Njati. "Chatsala ndi galimoto yonse. Ndikadzakupezanso wasonkhanitsa galimoto, kofiira kako kakagona ndi nkhuku, ndipo sudzakaonanso."

Anzake anayamba kuzemba mmodzimmodzi. "Aise, zisiye," anatero Fisi, akutola thonje. "Boma si mnzako." Palibe ngakhale mmodzi amene anatsala kuti amuthandize kukankha. Gologolo anayika phewa pa chitseko n'kuyamba ulendo yekha, ndipo liwiro loti injini n'kugwira analibe. Anakankha, anakankha, mpaka mphamvu zinamuthera pa malo omwetsera mafuta a Ng'azi. Malowo anali atauma kalekale, mapampu atavekedwa masaka, mwiniwake akungoothera dzuwa. Gologolo anakhala pansi, anatsamira tayala, tulo n'kumuba.

Podzidzimuka anapeza kumbuyo kwa Nasibeko kwaima minibasi, kumbuyo kwa minibasi kwaima lole, kumbuyo kwa lole kukubwera ina.

"Akulu, mukudikira chiyani?" anafunsa Mbawala, dalaivala wa minibasi.

"Ine? Ndikungopuma."

"Eya," anatero Mbawala akutsinzinira diso limodzi. "Nafenso tipume nanu."

Muyenera kudziwa kuti masiku amenewo petulo ankasowa ngati mano a nkhuku. Ukaona galimoto yaima pa pampu sunkafunsa. Unkayamba waima kumbuyo kwake, mafunso pambuyo, chifukwa wofunsafunsa ankapeza malo ake atatenga wina. Gologolo anayang'ana mzerewo ukukula wokha, wopanda maliboni, wopanda bokosi. Mchira wake unaima njo.

Loweruka m'mamawa anakankhira Nasibeko pa pampu ya Ng'azi, anaika chigubu padenga, n'kukhala phee. Sananene kanthu kwa wina aliyense kupatula anzake a pabwalo, ndipo iwo anangowauza kuti abwere ndi nkhope zachisoni. Fisi anaima, a Fulu anaima, enawo n'kutsatira. Dzuwa lisanatenthe tauni yonse inali itamva. Kunabwera maminibasi, malole, njinga zamoto za kabaza, thirakitala, ngakhale ambulansi ndi wodwala wake. Ena anabwera ndi zigubu zokha n'kuzindanditsa ngati ana asukulu.

Nanga pamzere munthu amatani? Amatsegula boneti. Amapukuta galasi. Amasuzumira injini ya mnzake n'kumuuza kuti yakeyo ndi yabwino koma. Pofika masana mzere wonse unali mkangano wokhawokha wa mapulagi ndi mapisitoni, ogulitsa chimanga chootcha akuyenda pakati. Msonkhano waukulu chonchi Gologolo anali asanauonepo, ngakhale kutulo. Anakwera pa boneti ya Nasibeko n'kuyambitsa nyimbo ija, ndipo ulendo uno anavomera ndi amene sankayidziwa omwe, kung'ung'udza kukuyenda ndi mzere mpaka kumene maso sankafika.

Wezulo inalira. "Uwu ndi msonkhano!" anakuwa Kakowa.

"Ndi mzere, a Sajeni. Taonani nkhopezi, zikukondwa izi?"

Onse anagwetsa nkhope nthawi imodzi. Fisi mpaka anausa moyo.

Kakowa anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Kodi thankala yake ifika nthawi yanji? Njinga yanga yamoto yauma chiumire Lachiwiri. Mundisungire malo."

Anathamanga kukatenga njinga, ndipo pobwera anabwera ndi bwana wake. Galimoto ya Njati inali ikuyendera fungo lokha. Monga achitira akuluakulu, sanapite kumchira. Analiza sailini n'kudzilowetsa pa nambala yachiwiri, mphuno ya galimoto yake itagunda kumbuyo kwa Nasibeko. Anazimitsa injini, anapinda manja, n'kuyamba kudikira ngati wina aliyense.

Anadikira. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Njati anadya chimanga chootcha, dzino lija n'kumukumbutsa mbiri yonse. Ndiye kwinakwake kumchira wina anayambitsanso nyimbo, ndipo khutu la Njati linagwedera. Nyimbo imeneyi anayimvapo, pa maliro a munthu wamoyo.

Anatsika n'kuyamba kufunsa. "Iwe, wakuuza ndani kuti thankala ikubwera?"

"Ndamva kwa ali patsogolowa, bwana."

"Nanga iwe?"

"Kwa ali patsogolowa."

Anayenda nawo mzere chobwerera, aliyense akuloza kutsogolo, mpaka zala zonse zinathera pa kagalimoto kofiira.

"Ine sindinanene kanthu, bwana," anatero Gologolo. "Galimoto yopanda batire imaima pamene yatopera."

"Nanga chigubu chili padengacho?"

"N'cha madzi akumwa."

Njati anapumira m'mwamba, mpweya wotentha n'kuweramitsa ndevu za Gologolo. "Chabwino. Dzuwa likalowa thankala isanafike, uwu ndi msonkhano, ndipo Nasibeko ndinyamuka naye. Ndikatero ndiwauza onsewa amene wawaotcha padzuwa tsiku lonse pachabe. Zotsalazo akamaliza okha."

Apa Gologolo anachita mantha enieni. Anayang'ana Nasibeko, mphira yake ya pachitseko, pulasitiki yake yakumbuyo, n'kumuona kale ali m'mpanda muja, thadzi litakhala pa chiwongolero. Dzuwa nalo, lopanda chisoni, linkatsika ngati lalipidwa.

"Bwana, ndikataye madzi."

"Pita. Galimoto itsale."

Gologolo sanapite kuseri kulikonse. Analumphira padenga la galimoto ya Njati, kuchoka apo pa pikapu ya Fisi, pa minibasi, pa lole, denga ndi denga, kuthamangira kumchira. Ankadziwa chinthu chimodzi: mathankala onse opita kumatauni akutali amadutsa pa msewu waukulu, ndipo mzere wotalika chonchi sungalephere kukafika kumeneko. Anapezadi mchira wa mzere utapingasa mphambano, galimoto za pa msewu waukulu zitaunjikana. Pakati pa izo panali chithankala, ndipo pa chiwongolero panali Mvuu, thukuta lili kamukamu.

"Odi, a dalaivala! Koma ndiye mwachedwatu!"

"Ndachedwa kuti? Ine ndikupita kutali, mphwanga. Mafutawa ali ndi eni ake."

"Eni ake oposa awa? Takwerani pamwamba muone."

Mvuu anakwera mwa befu. Anaona mzere wopanda mapeto, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali galimoto ya polisi.

"Amene aja ndi Insipekitala Njati," anatero Gologolo. "Chiimire, maso ali psuu, dzino likuwawawa. Akufunsa aliyense kuti thankala ili kuti. Koma inu pitani ndithu kwa eni akewo. Njira ndi yomweyi, mudutsa pamphuno pawo."

Atatero anatsika n'kuyamba kuzungulira chithankalacho, manja kumbuyo, akuyang'ana matayala. Anali osalala ngati dazi. Anagogoda limodzi, anaimba kamluzu, n'kupukusa mutu. Anapita pa nyali yosweka, n'kuimbanso kamluzu.

Mvuu anayang'ananso galimoto ya polisi ija. "Kodi malo amenewa ndi a ndani?"

"A Ng'azi. Amalandira bwino alendo."

Chithankala chinakhota. Mfuu inayambira kumchira n'kuthamanga ndi mzere kuposa moto wa lupsa: yafika, yafika! Galimoto zimene zinakanika kusuntha tsiku lonse zinapeza malo opatukira. Kakowa anathamanga kutsogolo kwa thankala, wezulo pakamwa, mapiko uku ndi uku, ngati akulandira mfumu ya dziko lina. Ng'azi anadzuka, anavula mapampu masaka, osafunsa kuti mwayi wachokera kuti. Nyama zinamunyamula Gologolo m'mwamba, zikuti mwana uyu ali ndi makutu a patali.

Woyamba kumwa anali Nasibeko, mpaka kukhosi. Ng'azi anatseka thanki, n'kukodola wotsatira. Koma Nasibeko sanasunthe.

Njati analiza hutala. "Chotsa chigalimoto chakocho!"

"Sangalire, bwana. Batire lili ku ofesi kwanu."

Kumbuyo mahutala anayamba kulira, mzere wonse, aliyense akuopa kuti mafuta atha iye asanafike. Kakowa anasendera kwa bwana wake n'kunong'ona, koma kunong'ona kwa Kakowa kunkamveka kumsika.

"Bwana, dzuwa lija lalowa. Tinene kuti ndi msonkhano? Tikatero tigwira zonse, kuyambira kofiiraka, kenako yachiwiriyi."

Njati anayang'ana yachiwiriyo, imene inali yake. Anayang'ana muvi wa mafuta utagona pansi, anayang'ana pampu ili pafupi ngati pakamwa ndi mphuno. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

"Ndi mzere, chitsiru iwe," anatero. "Nyama ili ndi ufulu wodikira."

Anatsika, anapatsa Kakowa chipewa, anapinda malaya. Kenako Insipekitala Njati, mkulu wa apolisi onse apamsewu, anaweramitsa mutu n'kugunditsa chipumi chake kumbuyo kwa Nasibeko.

"Lowa, iwe! Ika giya yachiwiri! Usasiye kilatchi mpaka ndinene!"

"Chabwino, bwana."

Mphamvu za njati si za gologolo. Nasibeko anauluka, mphira ya pachitseko ikulira.

"Siya!"

Nasibeko anatsokomola, anatsokomolanso, kenako analira kulira kwake kuja, mpaka masaka a Ng'azi anagwa pa msomali. Mzere wonse unamuvomera kukhosi, pansipansi, kukwera, kukwera, n'kumalizira pa mahutala. Njati anatsala chiimire mu utsi, akupuma mwa wefuwefu, ndipo a Fulu amene anali pafupi amalumbira mpaka lero kuti kukhosi kwa mkuluyo nakonso kunkang'ung'udza.

Gologolo sanacheuke. Anatulutsa mutu pawindo, misozi ikuuluka chammbali, akukuwa ndi pakamwa kuti a njinga apatuke, ndipo Nasibeko anakagona kwawo.

Nthano yanga yazimira pompa. Wofuna kuti ipitirire atsike akankhe.